Muyeso wa a Navini

Makina anga akhala pakhonde la sitolo ya a Rughani
zaka makumi anayi, moyang'ana msika wa Zomba.
Navini ndidamuyeza koyamba ali mwana,
kabudula wa kaki, chiuno mainchesi makumi awiri,
akunditukwana m'Chiyao chimene ndidamuphunzitsa ndekha.

Atamera ndevu adabwera ndi nsalu ya chipani cha Nyali.
"Che Ajusa, malaya awiri, Loweruka tili ku Chinamwali."
Ndidasoka usiku wonse, parafini wake wa ngongole.
Adawina ukhansala.
Amayi a ku Chikanda adamuyalira zitenje pamatope,
iye nalonjeza mlatho pa Likangala,
nanena kuti mchombo wake udagwera konkuno,
ndipo pamenepo sadaname.

Nyali itazima pa chisankho chachikulu
sadakhale pasiwa ngakhale sabata.
Lachinayi adatulukira ndi nsalu ya Khasu m'khwapa.
"Anthu anga ndiwo andituma."
Ine ndidaluma ulusi, osafunsa kuti anthu ake ati.
Tepi idati makumi atatu ndi zinayi.

Khasu lidamulimira bwino.
Phungu, kenaka wachiwiri kwa nduna miyezi isanu ndi itatu,
galimoto yakuda yosatsitsa magalasi pa Matawale.
Suti ankagula kunja tsopano.
Kwa ine kunkabwera dalaivala ndi mabatani othothoka.

Koma ndisabise mawu.
Usiku umene mkazi wanga adakomoka ku Mpondabwino
galimoto yomweyo ndiyo idathamangira naye kuchipatala,
Navini akuwongolera yekha, atavala zogonera,
zopanda nyali, zopanda khasu.
Voti yanga idagulidwa tsiku limenelo
ndipo sindidaiwombolebe.

Atamubera chisankho cha chipulula, monga ananenera mwini,
adaima payekha, malaya oyera bii ngati ufa wa pamphasa.
Adagwa ndi mavoti mazana awiri.
Miyezi itatu adakhala kuseri kwa kauntala
kuyeza misomali pa sikelo, osayang'ana munthu kumaso.
Kenaka Belu lidalira, iye nkuthamangira.
Pawailesi adati, "Ndatsata chitukuko."
Chitukukocho chidayenda msanga, sadachipeze.

Pa Likangala pali miyala itatu ya maziko.
Uliwonse uli ndi dzina lake, tsiku lake, chipani chake.
Amayi amachapirapo.
Ana a sukulu, mvula ikagwa kuphiri,
amasenza nsapato pamutu ndi kuwoloka
pakati pa malonjezo atatuwo.

Zidutswa zotsala sindidataye.
Malemu mkazi wanga adazilumikiza nkukhala chofunda,
mdzukulu wathu amagonamo mpaka lero,
Nyali kumutu, Khasu pamimba, Belu kumiyendo,
ndipo usiku sizikangana.

Dzulo wabwera wapansi, imvi mbuu, shuga atamudya masaya,
pepala lapulasitiki m'manja.
Nyali yayakanso, ati, ndipo mwana wabwerera kwa amake.
Watulutsa malaya oyamba aja, osoka ine,
ofwifwa, akununkha m'bokosi.
"Ndikufuna andione m'omwewa, adziwe kuti sindidachoke."

Ndamuzunguliza tepi. Makumi anayi ndi ziwiri.
Malaya adasokedwera mnyamata wa makumi atatu.
Nsalu ya mtunduwo idatha kalekale m'masitolo,
ngakhale m'sitolo ya bambo ake.

Ndafukula m'thumba la zidutswa,
ndapeza ka Khasu, ndapeza ka Belu,
ndaphatika kena kumanzere, kena kumanja, m'khwapa mwenimweni
mmene diso silifika.
"Siziwoneka, Che Ajusa?"
"Siziwoneka, bwana, mukangoyenda manja ali pansi."

Wandilipira mowonjeza, watsika masitepe pang'onopang'ono.
Msonkhano uli mawa ku Sadzi.
Ine ndamuona pa nsanja zaka makumi atatu:
ng'oma ikangogunda, amayi nkuyamba nthungululu,
Navini sadziwa kulankhula
osakweza manja onse awiri.